Galimoto Igone kwa Mwanahawa

Lolemba loyamba la mwezi wa Okutobala, Bungwe Loona za Mitengo ya M'mbali mwa Misewu mumzinda wa Dar es Salaam linalengeza, pa pepala la zidindo ziwiri, kuti lalowa m'nyengo yatsopano. Linali litagula galimoto yodya zonse ziwiri, petulo ndi magetsi. Chidziwitsocho chinati galimotoyo izipezeka pa geti la ofesi m'mawa uliwonse batire lili lodzaza, kuti Bwana Mkulu azilowa ndi kutuluka mwakachetechete, popanda utsi wokhumudwitsa mitengo. Chinatinso poti galimotoyo imayendera magetsi, petulo wake wadulidwa pakati. Soketi yotchajira idzaikidwa pa ofesi mvula isanagwe. Pakadali pano dalaivala azipita nayo kwawo n'kukaitchaja kumeneko, ndipo Bungwe likumuthokozeratu chifukwa chokonda dziko lake.

Chidziwitsocho sichinanene kuti kwawo kwake kuti. Dalaivalayo, Kibwana Mwinyimvua, anali ndi makomo awiri.

Mkazi wake wamkulu, Mwanahawa, amene ku Mbagala konse amamutchula kuti Mama Sudi potengera dzina la mwana wake, anabadwira ku Rufiji ndipo anabwera mumzinda ali mtsikana, atanyamula chiwaya cha zitumbuwa cha mayi ake. Chiwaya chomwecho ndi chimene chaphunzitsa ana ake onse. M'mamawa uliwonse amakazinga zitumbuwa za mpunga pakhonde, nkhope italoza kumsewu. Sukulu sanapite nayo patali, koma Mulungu anamupatsa makutu. Galimoto yakale ya Bungwe, chigalimoto cha dizilo chimene chinkatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe, ankaimva ikadali pokhotera pa msewu waukulu wa ku Kilwa. Pongomva kulira kwake ankadziwa ngati mwamuna wake wakwiya, ngati waima pogula nyama, ngati wanyamula munthu panjira. Ikamafika pakhomo, tiyi amakhala ali kale m'kapu.

Kibwana atakwatira Zuhura wa saluni n'kumumangira nyumba kumapeto kwa msewu womwewo, Mwanahawa analira mpaka maso kutupa, kenako anapukuta misozi n'kukhala pansi ndi akuluakulu a ku mzikiti. Anagwirizana zamu: lero kuno, mawa uko, osadumphitsa. Panganolo linalibe pepala. Mboni yake inali galimoto. Tsiku la Mwanahawa inkagona pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pake, ikudontheza oyilo pamchenga, ndipo aliyense wopita kukagula makala ankadzionera yekha kuti m'nyumbamo muli mwamuna. Banga lakuda la oyilolo Mwanahawa ankalilambalala posesa.

Galimoto yatsopano inafika pa tsiku lake, ndipo sanaimve. Anali atawerama akupeta mpunga. Podzutsa mutu anangoona chinthu choyera chitaima pamaso pake ngati mzukwa.

"Baba Sudi, mwachita kuikankha?"

"Imayenda choncho, mkazi wanga. Siyankhula."

"Chinthu chosayankhula chimakhala ndi zobisa."

Kibwana anatulutsa chingwe chonenepa ngati mwana wa nsato, anachilumikiza ku waya wa wailesi n'kuulowetsa pa windo mpaka pa soketi ya firiji. Mpunga usanapse n'komwe, m'nyumba munamveka fungo la pulasitiki wopserera, soketi inada bii, ndipo magetsi anathima mpaka kwa anthu ochita lendi kuseri. Wamagetsi amene anabwera m'mawa mwake anasuzumira m'denga, anaimba mluzu, nati mawayawo anaikidwa iye asanabadwe, ndipo akadzayesanso adzaitane ozimitsa moto, osati iye.

Kwa Zuhura mawaya anali atsopano, ndipo pakhonde panali soketi yamphamvu ya makina oumitsira tsitsi.

Kuyambira pamenepo galimoto inkagona kwa Zuhura tsiku ndi tsiku. Zamu sinasinthe, pakuti Kibwana anali munthu woopa Mulungu. Tsiku la Mwanahawa ankadutsa pakhomo pake ndi galimoto, zii, n'kukaiimika kumapeto kwa msewu, n'kubwerera wapansi akugwedeza makiyi, ngati mlendo wodzapempha mchere. Ndipo kulowetsa pulagi m'soketi, ntchito imene mwana amaichita akuthamanga, iye kunkamutengera nthawi yokwana kumwa tiyi wotentha mpaka kumumaliza. Ankafika malaya akununkhira mafuta a m'saluni.

Woyamba kuyankhula anali Bi Chausiku wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankagula zitumbuwa m'mawa uliwonse n'kumalipira ndi ndalama komanso nkhani.

"Mama Sudi, pepanitu, sitinamve. Mukanatiuza tikanabwera kudzakhala nanu."

"Kudzakhala nane kwagwanji?"

"Si asamuka bambo? Galimoto tikungoiona uko, Lolemba mpaka Lolemba."

"Imakadya magetsi. Mwini wake amagona muno."

"Eya, n'zoona," anatero Bi Chausiku akusankha chitumbuwa chachikulu. "Ndi mmene zimayambira. Poyamba imakadya ndi galimoto."

Kupikisana ndi mkazi Mwanahawa ankakudziwa. Pa kuphika mpunga wa pilau Zuhura sankamufika n'komwe, ndipo Kibwana akadwala malungo ankadziwa yekha khomo loti agonepo. Koma munthu ungapikisane bwanji ndi soketi? Anayamba kusesa pabwalo madzulo, pabwalo posesedwa kale, kuti aione ikamadutsa. Ankaiperekeza ndi maso mpaka itakhota pa geti la buluu la Zuhura, n'kumaganiza mmene mnzakeyo akutulukira atamwetulira, chingwe chili m'manja, ngati wolandira mlendo wochokera kutali. Banga la oyilo lija linayamba kuzilala. Atanena zoti asinthe mawaya a m'nyumba mwake, Kibwana anati n'kutaya ndalama, poti soketi ya ku ofesi ikubwera mvula isanagwe. Mvula inabwera, inasefukira m'ngalande, inapita. Bungwe linafotokoza kuti linkanena mvula ya mu Epulo.

Za kabatani anazimva mwangozi, madzulo ena Kibwana akudandaula pa chakudya.

"Anzanga akuti ndili pabwino. Sadziwa. Bwana akufuna ilowe pa geti osamveka, pa msonkhano osamveka. Ndiye pamsewu waukulu ndimadina kabatani kosungira moto, iziyendera petulo, batire likhale momwe lilili. Tikayandikira pamene pali anthu oti atione, ndimakadinanso kuti ibwerere ku magetsi."

Mwanahawa anasiya kutafuna.

"Tabwerezani. Mukakadina, batire silitsika?"

"Silitsika kwenikweni."

"Ndiye mukakadina m'mawa n'kukasiya choncho, madzulo imabwera yokhuta?"

Kibwana analiona dzenje limene anadzikumbira, koma mwendo umodzi unali utalowa kale.

"Petulo ndi wochepa, Mama Sudi."

"Tsiku langa izimwa petulo, igone pano. Tsiku la mnzangayo izidya magetsi ake, igone uko. Si chilungamo chimene munalumbira chija?"

Kibwana anavomera, monga amavomerera mwamuna wofuna kumaliza nsomba yake mwamtendere. Mwanahawa anaphunzira kuwerenga timizere tobiriwira ta kuseri kwa chiwongolero, tosonyeza moto wotsala m'batire. Tsiku lake likafika ankaiimitsa galimoto pamsewu ngati wapolisi, n'kulowetsa mutu pa windo. Nthawi zonse timizereto tinkakhala titatha, ndipo galimoto inkapitirira kukagona kwa Zuhura. Lero chifukwa chinali mdipiti wa magalimoto, mkucha Bwana, tsiku lina dzuwa. Mwanahawa ankamvetsera, n'kumadzifunsa kuti galimoto imene yamwa petulo tsiku lonse moto wake ikukausiya kwa yani. Anayamba kuganiza za mkazi wachitatu, wokhala kumsewu wina kumene munthu amafunika kulowako osamveka.

Mu Marichi nkhani ziwiri zinafika sabata imodzi. Bungwe linalengeza kuti Lachisanu kudzakhala mwambo wotsegulira soketi, ndipo galimoto idzalowe pamaso pa alendo ikuyendera magetsi okhaokha. Ndipo mkulu wake wa Mwanahawa, Bi Mtumwa, anatumiza mawu kuti Lachinayi akubwera kuchokera ku Rufiji kudzaonetsa maso ake kuchipatala, ndipo adzagona. Bi Mtumwa ndi amene anakana ukwatiwo kuyambira pachiyambi, ponena kuti dalaivala amakhala ndi mkazi paliponse pamene pali poimika galimoto. Zaka zonsezi ankangodikira kuti mawu ake apherezeke. Lachinayilo linali tsiku la Mwanahawa.

"Lachinayi lokhali mundikhululukire, igone uko," anatero Kibwana. "Kukubwera anthu a ku unduna. Ikakathera moto pa geti, ntchito yanga yathera pomwepo."

"Achemwali anga akaona pansi pa mtengopo pali mbee, Loweruka ku Rufiji konse adzakhala atamva kuti ndinasiyidwa. Igona pano."

"Nanga moto?"

"Moto ndikausunga ndine."

Lachinayi Bwana Mkulu anali pa hotela ina m'tauni, pa msonkhano wa tsiku lonse wokambirana za kusamala mphamvu ya magetsi. Dzuwa lili paliwombo, Mwanahawa anatsika m'minibasi ya daladala atanyamula mpunga m'kontena, ngati mkazi wabwino wodzapatsa mwamuna wake chakudya. Galimoto anaipeza poimika magalimoto kuseri kwa hotelayo, mawindo onse otseka, ili phee. Anayandikira atakonzeka kuona nsalu ya mkazi.

M'katimo munali amuna. Kibwana anali atagoneka mpando, chipewa chili kumaso. Pambali pake panagona Masawe, dalaivala wonenepa wa bungwe lina, kukamwa kuli yasa. Kumbuyo kunali ena atatu atatsamirana ngati matumba a makala, ndipo mafoni awo onse anali atalumikizidwa ku galimoto, akuyamwa ngati tiana ta galu.

Madalaivala a mabungwe moyo wawo ndi kudikira. Kale ankadikira pansi pa mitengo, atayala makatoni, chifukwa woliza injini kuti apeze mpweya wozizira bwana wake ankamumva ali m'chipinda cha msonkhano. Galimoto ya Kibwana inkapereka mpweya wozizira popanda phokoso, malinga ngati wazimitsa kabatani kosungira moto kaja kuti injini isadzuke. M'miyezi yochepa Kibwana anali atasanduka munthu wokondedwa kwambiri pa malo onse oimika magalimoto mumzindawo. Anthu ankamugulira soda.

Mwanahawa anagogoda pa galasi ndi mphete. Masawe anatsitsa windo pang'ono, mpweya wozizira unamuwomba kumaso.

"Alamu, lowani mupumeko. Muno ndi ku Ulaya."

"Tulukani mu Ulaya wanuyo. Ine ndimayesa ndili ndi mkazi mnzanga mmodzi, kani mulipo gulu, ndi mimba zanuzo."

"Alamu, dzuwali likupha munthu."

"Mukafa akazi anu akakulirani. Zulani mafoniwo."

Anatuluka mmodzimmodzi akuwongola misana, n'kumakayang'ana makatoni awo akale. Kibwana anadina kabatani asanauzidwe. Timizere tinali titatsikako kale, koma tambiri tinalipo. Mwanahawa anakhala pa mpando wa Masawe, chitseko chili chotsegula, akudzikupiza ndi nsalu. Anadabwa kuona kuti mtima wake sunapepuke kwenikweni. Akanapeza mkazi, akanadziwa pomugwira. Koma masana onse amene iye ankatuluka thukuta pa chiwaya, mwamuna wake ankagawa mphepo yozizira kwa anthu ongodziwana nawo pa ntchito, ndipo iye, mayi wa ana ake, anali asanaikwerepo galimotoyo.

Msonkhano utatha, Mwanahawa anakadikira pa siteji kuti Kibwana akatule Bwana Mkulu. Bwanayo, atamva injini ikulira ndi kuuzidwa kuti akusunga moto wa mawa, anakondwa kwambiri nati mfundo imeneyo aiika m'mawu ake.

Ulendo wa ku Mbagala anauyenda mawindo ali otsegula. Pa msewu wa ku Kilwa magalimoto anali atathinana, fumbi ndi utsi wa malole zikulowa mmene zikufunira, ogulitsa madzi ndi mtedza akulowetsa manja mpaka pamphuno. Malaya a Kibwana anamatirira kumsana.

"Pang'ono pokha, Mama Sudi. Tingoziziritsa nkhope."

"Mwazizira kale miyezi isanu. Ndipo musaponde ngati mukupha njoka, ndikuona timizereto."

Potsetsereka pa Mtongani, kulowera ku mlatho wa Kizinga, Kibwana anachotsa phazi n'kumagwira mabuleki pang'onopang'ono, nati potsika chonchi galimoto imabwezera moto m'batire. Mwanahawa anayang'anitsitsa. Asanafike pa mlatho, kamzere kamodzi kanabwerera. Anakayang'ana monga mmene munthu amayang'anira mwana amene wabwera yekha kuchokera kosochera.

"Tembenukani, tikatsikenso."

"Kukwera kumadya wambiri kuposa umene kutsika kwabweza."

"Ngati ukwati," anatero Mwanahawa, n'kuyang'ana kunja.

Atakhotera mumsewu wawo, Kibwana anachepetsa liwiro chifukwa cha maenje, ndipo injini inangokhala chete yokha. Patali Mwanahawa anaona Bi Mtumwa atakhala pakhonde, bandeji ili pa diso limodzi, Bi Chausiku ali pambali pake akumuthira nkhani m'khutu.

"Lizani hutala."

"Mumsewu mulibe munthu."

"N'chifukwa chake. Lizani atuluke."

Kibwana analiza hutala kuyambira pa wogulitsa makala mpaka pa mtengo wa mango. Anthu anatuluka m'nyumba poyesa kuti kwabwera ukwati. Mwanahawa anatsika mosafulumira, n'kutseka chitseko kawiri, poti koyamba ena sanaone.

Bi Mtumwa anaizungulira galimoto akuipapasa.

"Ndiye imeneyi? Ndinamva kuti sigona kuno."

"Anthu amayankhula, achemwali. Mukuiona nokha."

"Ndikuiona ndi diso limodzi," anatero Bi Mtumwa.

Atangoyala mkeka kuti amwe tiyi, dzuwa lisanalowe, Zuhura anatulukira atavala nsalu yatsopano, chingwe chija atachikulunga pamkono. Anawerama mwaulemu wonse, n'kupereka moni kwa mkazi wamkulu ndi kwa mlendo wake.

"Shikamoo, Bi Mkubwa. Shikamoo, amayi. Ndabweretsa chingwe cha bambo, akuti mawa chikufunika ku mwambo. Chimakhala kuchipinda kwanga, ndiye ndinaopa kuti angachiiwale."

"Kuchipinda?" anafunsa Bi Mtumwa, diso lake limodzi litawala.

"Kunsi kwa bedi, amayi. Kuopa akuba."

Kibwana anapeza chinthu chofunika kuchiyang'anitsitsa m'kapu yake. Mwanahawa analandira chingwecho ndi manja awiri.

"Wachita bwino, mng'ono wanga. Ukanatuma mwana, miyendo yako ndi yofunika pa saluni. Tenga chitumbuwa, waonda."

Chingwecho chinagona kunsi kwa bedi la Mwanahawa, ndipo galimoto inagona pansi pa mtengo wa mango. M'mawa anakazinga zitumbuwa akuiyang'ana. Bi Chausiku anabwera, anagula, analipira ndi ndalama zokha. Kibwana atanyamuka, Mwanahawa anapita kukaona pamene inagona. Pamchenga panalibe ngakhale kadontho. Anabwerera pakhonde, anatapa mafuta akuda a pansi pa chiwaya n'kukawathira pamene panali banga lakale, Bi Mtumwa asanatuluke m'bafa.

Ku mwambo Mwanahawa anapita nawo, chifukwa zitumbuwa za alendo Bungwe linaitanitsa kwa iye. Galimoto inafika pa geti ikuyendera magetsi okhaokha monga chinanenera chidziwitso, ndipo inaima pamenepo kanthawi ndithu, poti mlonda sanaimve. Atatsegula, inalowa pakati pa mipando ngati bwato, anthu akuwomba m'manja.

Bwana Mkulu anayankhula nthawi yaitali za mitengo, za zidzukulu zathu, ndi za nzeru yosunga moto imene anati inamubwerera ali pa msonkhano dzulo lake. Kenako ananena mawu amene anamudzutsa Mwanahawa kuseri kwa tebulo la tiyi. Kuyambira lero, anatero, galimoto ya Bungwe izidya pa Bungwe ndi kugona pa Bungwe, ndipo dalaivala wapumula pa mtolo umene anausenza mokhulupirika.

Mwanahawa anaiganizira nkhaniyo mofulumira. Pansi pa mango sidzagonanso, n'zoona. Koma pa geti la buluu sidzagonanso. Kibwana azifika wapansi kuno, wapansi uko, ndipo soketi ya Zuhura ibwerera ku ntchito yake youmitsa tsitsi. Anaimba nthungululu yaitali kotero kuti mlendo wolemekezeka anafunsa ngati mayiyo ndi wa m'komiti.

Mlendoyo anakoka nsalu imene inaphimba kabokosi kobiriwira ka pakhoma. Kibwana analowetsa chingwe mbali ino ndi mbali iyo, ojambula anajambula, ena anapempha kuti abwereze kuti ajambulenso. Mwanahawa, amene tsopano ankadziwa poyang'ana, anasuzumira kuseri kwa chiwongolero. Kanyali kosonyeza kuti moto ukulowa sikanayake. Anayang'ana Kibwana. Kibwana anayang'ana mkulu woona za zomangamanga, ndipo mkuluyo anayang'ana mitengo.

Alendo atapita, zinamveka kuti kabokosi ndi waya wake amagulidwa mosiyana, ndipo waya ali m'ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa. Kibwana anauzidwa kuti pakadali pano apitirize kukonda dziko lake. Mwanahawa anabwerera kwawo akudzitonthoza kuti kabatani kalipo, madalaivala aja anawathamangitsa, ndipo njira ya Lachinayi ikhoza kubwerezedwa tsiku lake lililonse.

Lolemba Bungwe linakhoma chidziwitso china, cha zidindo ziwiri. Poti soketi ya pa ofesi tsopano yatsegulidwa, petulo wa galimotoyo wadulidwanso pakati. Wotsalawo sakwana kuyendera tsiku lathunthu kabatani kali kodina.

Galimoto imagona kwa Zuhura, Lolemba mpaka Lolemba. M'kabokosi kobiriwira muja mwamanga mavu.